Mpando Wakumbuyo wa Dona

Akuba amene anaba Dona, galimoto yakale ya a Thrale, anali aulemu kwambiri, ndipo ulemu wawowo ndi umene unamudetsa nkhawa Sajeni Neville Oldacre.

Anaima pakhomo pa galaja ya a Thrale, manja ali m'matumba a chikhoti, akuyang'ana pamene galimoto ija inkakhala. Panali pululu. Pakati pa simenti panali dzenje limene amakaniko amalowamo akafuna kuona kunsi kwa galimoto, matabwa ake ovundikira atachotsedwa, ndipo pansi pa dzenjelo panali magazi amene anali atayamba kale kuda. Mwini magaziwo, a Aubrey Thrale, anali chikomokere kuchipatala chaching'ono cha kutsidya kwa njanji. Anamwino anawapeza m'mawa wa Lamulungu lomwelo ali pa benchi ya pakhonde. Belu linalira, koma woliza beluyo sanaoneke.

"Anyamata a ku London awa," anatero Insipekitala Cotterill, akumung'unya switi. "Abwera ndi lole, akwapula mkuluyu, akweza galimoto. Kenaka aopa mlandu wakupha, ndiye akamutaya pachipatala. Ukuona bwanji, Oldacre?"

Neville anayankha kuti zikhoza kutero ndithu, bwana. A Cotterill anali mlendo ku Aldercote, ndipo mlendo amaona zimene zili poyera basi.

Kuno mwana aliyense ankamudziwa Dona asanadziwe dzina la abusa ake. Fakitale ya Thrale inayamba ndi ngolo zokoka akavalo, agogo awo a Aubrey akusema okha matayala, kenaka inasanduka yopanga magalimoto a anthu amene safunsa mtengo. Nkhondo isanayambe, kunyumba yachifumu anaitanitsa imodzi yoti azikwera azakhali ake a mfumu. Inali yaitali, yakuda pamwamba, yofiirira m'mbali, denga lakumbuyo litatukuka kuti chipewa cha mayiwo chisapindike, pamene dalaivala ankakhala kutsogolo pamtetete, mvula ndi yake. Itakalamba anaibweza kwa amene anaipanga. Fakitale itagwa zonse zinagulitsidwa, mpaka wotchi ya pageti, ndipo anangotsala Dona yekha. Tsopano a Aubrey anali atamugulitsa nayenso, ndipo lole yodzamutenga inali kubwera mawa lake.

Maso a Neville sankachoka pa shelefu ya pakona. Chinsalu chimene ankafunditsa Dona chinali pamenepo, chitapindidwa mosamala, makona onse atalowetsedwa mkati kuti fumbi lisafike mbali yokhudza penti. Thireyi yolandira mafuta odontha inali itapukutidwa n'kutsamiritsidwa kukhoma. Wakuba wa ku London sapinda nsalu. Kapindidwe kameneko Neville anakula akukaona tsiku ndi tsiku, chifukwa ndi mmene bambo ake ankapindira ngakhale nsalu ya patebulo.

A Wilf Oldacre anathera moyo wawo wonse m'fakitale imeneyi akujambula mizere ndi kaburashi. Mzere wofiira woonda umene unkachokera ku nyali ya Dona mpaka kumbuyo, wosakhota ngakhale pang'ono, unali wa dzanja lawo ali mnyamata. Tsiku lotseka fakitale, Neville anali m'gulu la apolisi amene anatchinga geti kuti antchito asalowe, ndipo bambo ake anakhala zaka osamulankhula. Anayamba kumubwerera mayi ake atamwalira. Lamulungu lililonse tsopano ankabwera kudzadya nyama yootcha, ankanyoza mbatata kuti sinapse, ankagona pampando kukamwa kuli yasa, ndipo Neville ankaona kuti wapezanso bambo. Mmene anaimira pakhomo pa galajapo anachita mantha, mantha enieni a mwana, kuti mkulu ameneyu akawatsekera ndi iye mwini.

Za nsaluyo sanawauze a Cotterill.

* * *

Mayi Thrale anamulandira m'chipinda chozizira, atakhala chowongoka ngati akujambulitsa. Sanalire, ndipo sanamupatse tiyi. Anafotokoza kuti kutangocha anamva injini ya Dona ikulira kugalaja, ndipo iwo anaganiza kuti anthu a lole aphonya tsiku. Amuna awo anavala chikhoti pamwamba pa zovala zogonera, anatenga ndodo yawo, natuluka akung'ung'udza. Mayiwo anabwerera kukagona, poti nkhani za galimotoyo zinawakwana kalekale.

Neville anafunsa ngati injiniyo inalira nthawi yaitali amuna awo asanatuluke.

"Yaitali mokwiyitsa. Ndinawiritsa madzi, ndinamwa tiyi wanga, ikungolira pamalo amodzi. Akuba a masiku ano sathamanga, Sajeni?"

Neville ankadziwa chifukwa chake. Dona sayendetsedwa ali wozizira. Umamulizitsa n'kumudikira mpaka atenthe, apo ayi umamuwononga mkati, ndipo amene amadziwa zimenezi anali anthu amene ankamukonda kuposa khungu lawo.

Za wogula, mayiwo anati ndi mkulu wina wa kunja amene ankafuna kumupaka Dona penti yoyera kuti azinyamula akwati. Iwo sankaonapo cholakwika, denga la nyumba yawo linkadontha ndipo galimoto sadya. Amene zinawakwiyitsa ndi antchito akale aja a kufakitale, anatero, akukwinya mphuno. Anthu aja anabwera sabata yatha atavala masuti awo a kumaliro, zipewa zili m'manja, kudzapempha kuti galimotoyo ikhale ya tawuni. Amuna awo anawauza kuti katundu wa munthu si wa tawuni. Onse anachoka mwakachetechete, kupatula mmodzi amene anatsalira pakhomo n'kunena kuti agogo awo a Aubrey akanakhala ndi moyo akanawakwapula pamaso pa antchito.

"Wamng'ono thupi, manja ake amanjenjemera," anatero mayiwo. Kenaka anamuyang'ana Neville koyamba. "Mwati dzina lanu ndi Oldacre?"

"Inde, mayi."

"Ndimaona ngati ndinalimvapo."

Panja anapeza a Cotterill akutuluka m'galimoto yapolisi nkhope ili yowawasa. Anali atangolankhula ndi amalonda amene anagwirizanitsa malondawo, ndipo munthuyo anali kutali, pahotela ina, ndi mboni zokwanira kudzaza basi. Komabe bwanayo sanasiye nyimbo yake ya London. Anati apita kukafunsa za malole m'misewu ikuluikulu, ndipo Neville, poti ndi mwana wa kuno, azungulire m'makwalala amve zimene agogo akunena.

* * *

Kunyumba kwa bambo ake kunali kokhoma, botolo la mkaka likadali pakhomo. Anapita kwa a Norris Bytheway.

A Norris ndi amene ankayesa galimoto iliyonse yatsopano isanatuluke pageti la fakitale. Nthawi ina anawatumiza kunyumba yachifumu kukaphunzitsa madalaivala a kumeneko mayendetsedwe a Dona, ndipo kuyambira pamenepo palibe munthu ku Aldercote amene anamwa nawo mowa osaimva nkhaniyo. Anali chimunthu chachikulu, chamawondo otupa, ndipo ugonthi wawo unkabwera pamene wawakomera.

"Walowa ngati mwana wa Wilf, kapena ngati galu wa boma?" anafunsa asanamupatse mpando.

Neville anati wabwera ngati onse awiri, nafunsa kumene anali m'mawa. A Norris anati anali kudimba pamodzi ndi Wilf kuyambira mbandakucha, akukumba anyezi, ndipo Wilf anamusiya komweko akulimbana ndi kabichi. Za Dona anamva kwa mkazi wa nyumba yoyandikana. Zachisoni ndithu, anatero, koma maso awo anali pa ketulo.

Pafupi ndi mbaula panali nsapato zakuda zopolishidwa, zitanyowa chonyowa, atazifutsa manyuzipepala kuti ziume. Pa msomali wa kuseri kwa chitseko panali chipewa chawo chakale chaudalaivala, chimene ankangovala pa maliro a anzawo a kufakitale. Chinkadontha madzi.

"Kudimba mumapita ndi nsapato za kutchalitchi, a Norris?"

"Ati chiyani?"

"Ndati nsapatozo."

"Khutu ili linafa kale, mwana iwe. Lankhulira mbali inayi."

Atalankhulira mbali inayo, khutu limenelonso linali litafa. A Norris anayamba kufotokoza za tsiku limene azakhali a mfumu anawagwedezera mutu kudzera pagalasi, koma pothira tiyi anathirira patebulo. Neville atafika pakhomo, mkuluyo anafunsa motsitsa mawu ngati a Aubrey atsitsimuka. Neville anati sakudziwa. Anadabwa kuona kuti nkhope ya a Norris inali ndi chiyembekezo, osati mantha, ngati kuti kutsitsimuka kwa munthuyo kukanawathandiza.

Kudimba kunalibe munthu. Dothi la pakamunda ka bambo ake linali losalala ndi mvula ya m'mawa, lopanda phazi ngakhale limodzi, ndipo anyezi anali chiimire m'mizere yawo.

* * *

Kuchokera kugalaja kupita kuchipatala njira ndi imodzi yokha, yodutsa pageti la njanji. Amene ankatsegula getilo anali Mayi Enid Garside, ochokera kumpoto, amene ankakhala m'kanyumba kam'mwamba n'kumapukusa chiwongolero chachitsulo kuti mageti atseguke. Anali asanathe chaka m'tawuniyi, sankadziwa anthu ake, ndipo ankaona kuti sakutayapo kanthu. Munthu wowamvetsera anali wosowa, choncho Neville atangokwera masitepe anamugwira ngati nkhuku ya alendo.

Lole sanaione, anatero, ndipo akanaiona chifukwa tulo anasiyana nato kuyambira pamene msana unayamba. Koma chigalimoto chakale chija anachiona, chitaima pageti mvula ikuwaza, chikudikira sitima yamalasha kuti idutse.

"Ndinaseka ndekha muno, mwana wanga. Chigalimoto chachikulu ngati chipinda chochezera, kumbuyo kuli mpando woti n'kugonapo banja lonse, denga, magalasi, zonse. Koma amuna atatu athithikana kutsogolo pamvula ngati nsomba za m'chitini. Kumbuyo kulibe ngakhale mphaka. Ndinati anthu a kuno mitu yawo sigwiradi."

Neville anafunsa za nkhope zawo. Mayiwo anati kuchokera pamwamba munthu amaona mitu basi: zipewa ziwiri m'mbali, dazi pakati. Woyendetsa anali wonenepa, ndipo geti litatseguka anagwira chipewa kuwathokoza, ulemu umene sanauonepo chibwerereni kuno. Wa mbali inayo anali wamng'ono. Wapakatiyo ndiye anali ataledzera chomvetsa manyazi, Lamulungu m'mawa, mutu uli lendee pa phewa la mnzake, wamng'ono uja atamukumbatira kuti asagwe.

Potsika masitepe Neville anagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja onse awiri. Chimene chinawaseketsa Mayi Garside iye sichinamuseketse. Ku fakitale ya Thrale kunali lamulo lochokera nthawi ya ngolo, loti wantchito sakhala pampando wakumbuyo. Mpando wachikopa wakutsogolo ndi wa wantchito, wansalu yaubweya wakumbuyo ndi wa mwini. Ngakhale osoka mipandoyo ankagwira ntchito atagwada pa thabwa, nsapato atavula. Wophunzira ntchito wina anachotsedwa tsiku lomwelo chifukwa chongoyesa kufewa kwake, ndipo anzake sanamumvere chisoni. Pa Dona lamulolo linali ngati la m'Baibulo. Neville mwini, ali mwana, anakwawira kumbuyoko tsiku lina fakitale itatsegulira mabanja a antchito, ndipo bambo ake, amene sanamumenyepo chibadwire, anamukoka mwendo n'kumuomba khofi pamaso pa anthu.

Wonenepa ndi wamng'ono anawadziwa. Ankavutika ndi wachitatuyo. Anawerenga m'mutu amadala onse otsala a kufakitale, ndipo theka la iwo linali ndi dazi, koma panalibe mmodzi amene akanaledzera pa tsiku lokwera Dona.

Anali asanafike pa galimoto yake pamene wailesi ya mkatimo inayamba kumuitana. Ankamufuna kuchipatala.

* * *

A Aubrey Thrale anali atamwalira osatsegula maso. Dokotala Lomax, mayi wotopa amene ankalankhula akusamba m'manja, anati ankadikira ambulansi ya kuchipatala chachikulu chifukwa ankaopa kuwasuntha, koma kuwasuntha kunali kutachitika kale.

Anafotokoza kuti bala la m'mutu linali lochititsa mantha poliona, koma silikanapha munthu. Vuto linali khosi. Fupa linasweka pamene anagwera m'dzenje, koma mtsempha wa mkati unali usanaduke. Munthu wotere umamusiya pomwepo n'kuitana thandizo, kapena ngati palibe kuchitira mwina, umamugoneka chagada pa chinthu chotambalala, mutu osagwedezeka. Akanatero, bwenzi mkuluyo akutukwana anamwino pofika madzulo.

"Taonani malaya awa," anatero, akuwatambasula patebulo. "Magazi atsika kutsogolo, pachifuwa mpaka pamiyendo. Kumsana kuli gwa. Munthu ameneyu sanabwere atagona. Wina anamukhazika tsonga, n'kumudutsitsa pa njanji paja, mutu ukugwedera. Ameneyo ndiye wamupha, kaya ankadziwa kaya sankadziwa."

Namwino anavundukula nsalu kuti Neville aone bala. Iye sanaone bala. Anaona dazi.

Anatuluka n'kukakhala pa benchi ya pakhonde ija. A Cotterill anali kutali, akuthamangitsa malole. Zimene Mayi Garside anaona ankazidziwa ndi iye yekha, ndipo mayiwo sakanatha kuloza munthu aliyense. Nsalu yopindidwa ija akanangoitambasula, nkhani n'kupita ku London osabwerako. Amati chibale ndi fupa, sichiola, koma amatinso mlandu suola, ndipo Neville anakhala pamenepo akulakalaka kuti chimodzi mwa ziwirizo chikanakhala bodza.

Kumene kunali Dona sanafunikire kufunsa. Kupitirira chipatala, msewu umalowa m'nkhalango mmene fakitale inkaumitsira matabwa ake, ndipo shedi imodzi inali ikadali ndi denga.

* * *

Anafika dzuwa litapendeka, mitambo itayera, kuzizira kutayamba kuluma makutu. Chitseko cha shedi chinali chotsegula pang'ono kuti kuwala kulowe. Dona anali mkati, atapukutidwa dontho lililonse la mvula, akunyezimira mumdima wa matabwa akale. A Wilf anali atakhala pa bokosi pambali pake, atavala suti yawo ya kumaliro, kaburashi kali m'dzanja, kachitini ka penti yofiira kali pa bondo.

"Tseka pang'ono, ukulowetsa fumbi," anatero osacheuka. "Ndimadziwa kuti ubwera iwe. Bwana wako uja sangapeze ngakhale mphuno yake."

Pa chitseko cha galimotoyo panali chipsera chachitali chimene chinadula mzere wofiira uja pakati. A Wilf anakweza kaburashi, kanayandikira, kanayamba kuvina m'mwamba, ndipo anakatsitsa. Anati ayesa kuyambira m'mawa, dzanja likukana.

Neville sanafunse kanthu, anayamba okha. Anati sankaba ayi, ankangomubisa kuti lole ibwerere chimanjamanja, mwina anthu a tawuni n'kudzuka. Kiyi wa galaja Norris anali naye kuyambira kale. Anachotsa matabwa a dzenje kuti aone ngati mafuta sakudontha, ndipo ali mkati modikira injini kuti itenthe, Aubrey analowa akukalipa. Kukalipako sikunawavute, anawatukwanapo akuluakulu kuposa ameneyo. Koma munthuyo anakweza ndodo n'kumenya chitseko cha Dona, akunena kuti ndi chitsulo chake, akhoza kuchiphwanya akafuna.

"Ndinangomukankha, Nev. Ndi manja awa, amene satha kugwira supuni. Anabwerera m'mbuyo, phazi linasowa poponda."

Pamenepo nkhope yawo inawala pang'ono. Anati wina aliyense akanathawa, koma iwo sanathawe. Anamutulutsa m'dzenje awiriwiri, mawondo a Norris akulira, anamukweza, namufikitsa pachipatala, ngakhale kuti potero tawuni yonse ikanatha kuwaona. Aubrey akadzuka anena yekha amene anamupulumutsa. Ndi wamwano, koma ndi wa Thrale, sanganame.

"Bambo," anatero Neville, "bwanji simunawagoneke kumbuyo?"

A Wilf anamuyang'ana ngati walankhula chilankhulo china.

"Kumbuyo kuti?"

"Pampando apo. Ndi wautali, ndi wotambalala. Munthu atathyoka khosi."

Mkuluyo anacheukira pagalasi. Mpando unali pamenepo, nsalu yake yotuwira ili yosalala, yopanda khwinya. Neville anaona kuti maganizo amenewo anali asanawafikepo n'komwe, kuyambira m'mawa mpaka tsopano. Sanakane kumugoneka pamenepo, sanakambirane ndi Norris, anangodutsa chitseko chimenecho ngati khoma.

"Amatuluka magazi," anatero a Wilf pomaliza, mawu atachepa. "Nsalu imeneyo salukanso, Nev. Amene ankailuka anatha onse."

"A Aubrey amwalira, bambo."

Kachitini kanapendeka pa bondo, ndipo Neville anakagwira kasanatayike. Kenaka bambo ake anafunsa funso limene iye ankaliopa njira yonse. Anafunsa ngati chimene chamupha ndi kugwa kuja.

Bodza linali pafupi, ndipo linali lachifundo. Koma mawu a dokotala akanadzawerengedwa m'khoti pamaso pa tawuni yonse, ndipo Neville sanafune kuti bambo ake akawamve koyamba kwa mlendo. Anawauza zonse, za khosi, za njanji, za malaya. Anawauza kuti akanamugoneka pampando umenewo, bwenzi munthuyo ali moyo.

A Wilf anaimirira movutika, anafika pa chitseko chakumbuyo, nayang'ana mkati nthawi yaitali. Sanalire. Neville akanakonda akanalira, chifukwa zimene ankaona zinali zopweteka kuposa misozi. Nkhalambayo inkafufuza pa nsalu imeneyo chinthu chimene chinali choyenera moyo wa munthu, ndipo sinkachipeza.

"Ndinamugwira mutu njira yonse," anatero. "Ndimamuuza kuti tafika, bwana, tafika."

Kunja mbalame zinali zitasiya kulira. A Wilf anapukuta kaburashi pa kansanza, nakaika m'thumba la mkati. Anafunsa ngati bwana wa Neville akudziwa kuti ali kuno. Neville anati bwanayo sakudziwa. Anafunsa ngati adziwa.

"Adziwa, bambo."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti basi yafika. A Wilf anapempha Neville kuti akamutenge Norris mawa, osati lero, chifukwa mtima wake si wabwino ndipo iye sanakankhe munthu. Neville ananena mawu amene wapolisi amanena pomanga munthu. Anali atawanena kwa anthu osawerengeka, koma tsiku limenelo anamutuluka ngati akusanza miyala, ndipo bambo ake anawamvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili m'manja.

"Chinthu chimodzi chokha," anatero a Wilf. "Kwayera kumwambaku, usiku kugwa chisanu. Tikamusiya ndi madzi m'mimba aundana, injini ing'aluka. Ndilole ndimukhetse."

Ukali unamukwera Neville. Munthu ali mufiriji kuchipatala, mkazi wake wasanduka wamasiye, ndipo mkuluyu akudandaula za chitsulo. Anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma bambo ake anali atagwada kale kutsogolo kwa Dona, suti ya kumaliro ili m'fumbi, dzanja litapisa kunsi kufuna kampopi kokhetsera madzi. Anakapeza. Zala zinaterera, zinagwiranso, zinatereranso. Anayesa ndi dzanja linalo, nalonso linakana, ndipo anangotsala chogwada, mphumi itatsamira pa chitsulo chozizira, mapewa akugwedezeka.

Neville anagwada pambali pawo, anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono, napotokola kampopiko. Madzi ozizira anatuluka, nayenderera pakati pa mawondo awo mpaka kukhomo. Anadikira awiriwo mpaka dontho lomaliza.

Kenaka anawagwira mkono bambo ake kuti awadzutse, ndipo ataimirira, mkonowo sanausiye.